Ndiwasiye Ankhoswe Kuti Bambo Akaone Magalimoto ku Naivasha?

Aphungu,

Mtima wanga suli m'malo, ndipo kwatsala sabata imodzi yokha. Ndimagwira ntchito kuno ku Nairobi, ndimakhala ku Lang'ata ndi mkazi wanga Veronica. Bambo anga anabwera kuchokera ku Kasungu mwezi watha kudzaonana ndi madokotala a maso ku Upper Hill. Maso awo akuzima pang'onopang'ono, ndipo adokotala sanatibisire kuti mwina chaka chamawa adzakhala asakuonanso.

Moyo wawo wonse anali makaniko wa malole. Atamva kuti kumapeto kwa sabata yamawa ku Naivasha kuli mpikisano wa magalimoto, anandigwira mkono n'kunena kuti, "Mwana wanga, mainjini ndakonza ambiri, koma awawa ndikufuna ndikawaone maso akadalipo." Ndinawalonjeza. Ndege yawo yobwerera kumudzi ndi ya Lolemba, mpikisano ukangotha.

Vuto ndi a Gresham, achimwene ake a Veronica, amenenso ndi ankhoswe a banja lathu. Chaka chatha tinagwirizana zonyamuka Loweruka 5 koloko m'mawa kupita kumpikisano womwewu. Iwo anatulukira hafu pasiti 9 akuseka, amvekere, "Alamu, mukuthamangiranji? Magalimotowo ndi ambiri, satha!" Veronica anati ankhoswe sangachoke pakhomo osamwa tiyi. Tiyi uja anabwera ndi mazira, mazira anabwera ndi pemphero. Tinanyamuka cha m'ma 11, n'kukaima pa mzere wa magalimoto potsetsereka ku Mai Mahiu mpaka miyendo kuchita dzanzi. Tinafika anthu akubwerera. Chimene tinaonako ndi fumbi la pa malaya a anzathu.

Chaka chino andiimbira kale foni: "Loweruka twende, tipitire pamodzi, alamu. Musayerekeze kundisiya, ukwati wanuwo ndinamanga ndine." Amanena moseka, koma si bodza. Nthawi ina titayambana mpaka Veronica kulongedza zovala, ndi iwowa amene anakhala nafe pansi masiku atatu mpaka nkhani kutha. Veronica akuti kuwasiya n'chimodzimodzi kutukwana mtundu wonse wa kwawo.

Bambo akuyenera kukaonekeranso kuchipatala Lachisanu 9 koloko m'mawa. Ine ndikungotsegula mapu pafoni, kutseka, kutsegulanso, ntchito osagwirika. Ndinyamuke liti, ndipo ndiwatani ankhoswe?

V.K., Lang'ata, Nairobi

A V.K.,

Ikani foniyo pansi, tengani pensulo. Ulendo ngati uwu sitiwerengera kuchokera pakhomo. Timayambira pa nthawi imene tikufuna kukhala titafika, n'kumabwerera m'mbuyo.

Kumpikisanoko ndapitako katatu ndi mwana wanga Rosina, ndipo ulendo uliwonse ndinkalemba nthawi m'kabuku. Msewu uli woyera tinayenda maola awiri. Loweruka lina, titanyamuka 7 koloko, tinayenda maola asanu ndi mphindi makumi awiri. Onjezanipo kuti tinjira tolowera kumene magalimoto amathamangira amatitseka mpikisano usanayambe, ndipo kuchokera poimika galimoto pamakhala kamtunda koyenda pansi. Rosina anakayenda mphindi makumi awiri ndi zisanu, ine makumi asanu. Bambo anu awerengereni za ine. Choncho Loweruka lifufuteni. Ngakhale a Gresham atafika 5 koloko yeniyeni, munthu wamkulu wodwala maso simungamuike mumzere umenewo padzuwa.

Nyamukani Lachisanu. Zikwama, madzi, mankhwala a m'maso, chipewa ndi kampando kopinda zilowe m'galimoto Lachinayi. Mukatuluka kuchipatala musabwererenso ku Lang'ata kukatenga chimene mwaiwala. Pofika 1 koloko masana mukhale mutatuluka mumzinda, anthu a m'maofesi asanaweruke. Malo ogona yambani kufunafuna lero lomwe, ndipo ngati ku Naivasha kwadzaza, yesani ku Gilgil.

Pali funso limene simunafunse: bambo anu akaona chiyani? M'mbali mwa msewu ndinawerenga ndi wotchi. Galimoto imaoneka masekondi anayi, mwina asanu, kenako fumbi lokhalokha. Inu mudzakuwa ndi chimwemwe, iwo adzakufunsani kuti yadutsa yotani. Koma pamakhala bwalo lina limene magalimotowo amabwerera kudzakonzedwa. Kumeneko galimoto imaima, amaikweza, amakaniko n'kuiunjirira, wina matayala, wina pansi, wina ku injini, onse akupikisana ndi nthawi. Makaniko wa malole akakhuta kumeneko. Funsani okonza mpikisanowo sabata ino za nthawi imene magalimoto amalowa m'bwalolo komanso pamene anthu amaloledwa kuima, ndipo mufikepo ola lathunthu nthawiyo isanakwane kuti mupeze malo akutsogolo. Za kutchire kumene magalimoto amathamangira mungapite pambuyo pake, ngati mphamvu zatsala.

Tsopano ankhoswe. Cholakwa chanu n'choti mukuganiza kuti njira ndi ziwiri zokha, kuwadikira kapena kuwathawa. Yachitatu ndi imene makolo anatiphunzitsa: kutsanzika. Nkhaniyi si ya pafoni kapena ya pagulu la WhatsApp. Pasanafike Lachiwiri pitani kunyumba kwawo, inu ndi Veronica, musapite chimanjamanja. Woyamba kulankhula akhale Veronica, poti ndi mlongo wawo. Auzeni zimene adokotala ananena, zonse, monga mwandiuzira ine. Kenako pemphani: tiloleni titsogole Lachisanu ndi madala, ndipo ngati mungamasuke kuntchito, mpando wanu ulipo, tikanyamukira pachipatala pomwepo. Mwaona ubwino wake? Pachipatala palibe tiyi. Akafika nthawi yake, pitirani limodzi. Akalephera, adzakupezani Loweruka, ndipo palibe amene wasiyidwa.

Za chaka chatha musazitchule, ngakhale mwanthabwala. Mukazitchula, nkhani isanduka ya ulemu wawo, ya maso a bambo anu n'kuiwalika. Ndipo Veronica mukambirane naye kaye awiri musanapite. Iye sakuteteza kuchedwa, akuteteza munthu amene anapulumutsa banja lake. Muuzeni kuti zimenezo mukuzidziwa.

Machenjezo anga ndi awiri. Lachisanu afunseni adokotala mosazungulira ngati maso amenewo angapirire fumbi, ndipo akakana, kutchire musapondeko, mukathere kubwalo lokonzerako basi. Chachiwiri, musadikire kubwerera Lamulungu madzulo pamodzi ndi chikhamu chonse, ndege ili Lolemba. Bwererani Lamulungu m'mawa anthu ali kalikiliki kuonera.

Mwina a Gresham adzanyanyala ndithu. Zikatero, mudzapita kukapepesa mwezi wamawa, nkhuku ili m'manja, ndipo adzakukhululukirani chifukwa ndi ntchito yawo. Koma kwa bambo anu kulibe kumene mungadzakapepese, mwana wanga. Nyamukani Lachisanu.

Aphungu