Bambo athu akusanduka Mzungu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Halaleko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Salima tilipo, kungoti amayi miyendo ikuwavutabe.

Mlambe uja wa pafupi ndi siteshoni, umene bambo ankasokera patsinde pake njanji isanafike, anaugwetsa pokuza msewu wa ku Senga Bay. Latsala ndi dzina lokha, poti aliyense amatibe pa Telala.

Tsono dzana ndinapeza mphunzitsi watsopano ataimika ana asukulu pamalopo, akuwauza mbiri ya Salima. Akuti dzina loti pa Telala linachokera kwa Bwana Tela, Mzungu amene anamanga siteshoni. Ana n'kumalemba pamasileti!

Ndinati, "Aphunzitsi, Telalayo ndi bambo anga. Anali munthu wakuda ngati inu nomwe, ndipo theka la Salima linakwatira litavala zosoka iwo."

Iye anaseka. "Kodi si inu aja munalephera kumaliza ku yunivesite? Umboni wanu uli kuti?"

Zimene ndinamuyankha sindingalembe m'kalata yoti alamu awerenge. Koma pobwerera ndinalingalira. Amene anavala malaya a bambo akuthera kumanda, ndipo ana aja akadzakula adzaphunzitsa anzawo bodza lomwelo.

Chonde tumizani chithunzi chija munapita nacho, bambo ali pamakina patsinde pa mlambe. Musazengereze monga muchitira ndi zina. Mtengo ataugwetsa ndinakhala chete, koma bambo athu sasanduka Mzungu ine ndili moyo.

Mulungu akusungeni nonse.

Ine mng'ono wanu,
Yohane