Nasrin Akuti Sadzakulanso

Area 3,
Lilongwe.

Achimwene a Twahir,

Asalamu aleikumu. Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko, inu, alamu anga ndi ana. Chifuwa chija chinkakuvutani nthawi yozizira chinatha? Kuno tili moyo. Mayi miyendo ikuwalola kufika kumsika, ndipo amuna anga a Shabir ali pantchito monga mwa masiku onse. Amene sali bwino ndi mwana wanga Nasrin. Thupi lake lilibe vuto. Wadwala mumtima, ndipo mwamudwalitsa ndinu.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni simundilola kumaliza zonena. Pepala simungalidule mawu.

Ndiyambe ndi zimene simunafunse. Nasrin asanakwanitse zaka zinayi anali atayamba kale kukwera zitsulo za pawindo mpaka kudenga. Tsiku lina tinamupeza atalendewera chadodolido pa nthambi ya mtengo wa mapeyala. A Shabir ankati timuletse. Ine ndinati mwana wotere ukamuletsa amakakwera kumene sukumuona, bola aphunzire kugwa bwino. Ndinawerenga, ndinafunsa dokotala wa ana, kenako ine ndi a Shabir tinakaonerera kalasi ya jiminasitiki imene imachitika Loweruka m'holo ya sukulu ina ku Area 14.

Ana a msinkhu wake sapindidwa misana ngati amene mumawaona pa TV. Amavula nsapato, amathamanga, amagudubuzika pa matiresi, amayenda pa thabwa losapitirira njerwa imodzi kuchokera pansi. Choyamba chimene aphunzitsi awo, a Tamara, amawaphunzitsa ndi kutera mawondo atapinda, ndiponso kubisa chibwano pachifuwa kuti khosi lisapweteke. Nasrin amavala tisheti ndi buluku lalitali, choncho nkhani ya zovala musaiyambe. Chiyambireni anasiya kukwera mawindo. Mwana amene ankabisala kumbuyo kwanga alendo akabwera anayamba kuima pamzere ndi anzake, n'kumadikira kuti nayenso aitanidwe.

Vidiyo ija ya ku kalasiko ndinaitumiza pa gulu la banja kuti munyadire. Linali sewero wamba: mwana mmodzi amagona chafufumimba pa matiresi, anzake n'kumamudumpha mmodzimmodzi, kenako amasinthana. Amaphunzira kunyamuka ndi miyendo yonse iwiri. Inu simunaone mwana akuseka. Munangoona kuti wadumphidwa.

Simunaimbire ine. Simunaimbire a Shabir, bambo ake. Munaimbira a Naphiri, amene amatigwirira ntchito pakhomo, podziwa kuti Loweruka ine ndimakhala kuntchito ku famase, kogulitsa mankhwala, ndipo ndiwo amamuperekeza. Munadziwanso kuti sangakukanireni, poti ntchitoyi munawapezera ndinu. Iwo eni andiuza zonse akulira. Akuti munati mwana wodumphidwa sakula, kuti Nasrin ndi wamfupi kale chifukwa cha zomwezo, ndipo kuti aliyense amene anamudumpha amudumphenso chobwerera, apo ayi mlandu udzakhala pamutu pawo.

A Naphiri anachita monga munalamulira. Analowa pakati pa holo kalasi ili m'kati, anagwada pamaso pa a Tamara, n'kufotokoza zonse mokweza, makolo ali pamabenchi. Ena anaseka. Bambo wina anakwiya, akuti kodi tikutanthauza kuti mwana wake ndi mfiti. A Tamara, pofuna kuti nkhani ithe, anamugoneka Nasrin pa matiresi n'kuuza ana kuti adumphe kuchokera mbali inayo ngati ndi sewero latsopano. Ana anadumpha akuseka. Nasrin sanaseke. Anali atamva mawu onse, ndipo ankayang'anitsitsa nkhope ya aliyense wodutsa pamwamba pake.

Mwa ana amene anamudumpha mu vidiyo ija munali mnzake wapamtima, Angel. Angel kulibenso kuno. Bambo ake anawasamutsa pantchito, banja lonse lili ku Nairobi.

Nditabwera kuntchito ndinamupeza ali chiimire pakhomo la khitchini, nsapato zili m'manja. Anandifunsa motsitsa mawu:

"Amami, ndiye kuti ndidzakhala chonchi mpaka kukalamba? Angel sanabweze."

Kuchokera tsiku limenelo wakana kubwerera ku kalasi. Sakhalanso pansi poonera TV, amakwera pampando n'kupinda miyendo. Pogona amadziphatika kukhoma kuti wina asamudutse. Dzulo bambo ake anadumpha chidole chake chili pansi, iye analira mpaka kusanza, akuti nachonso sichikula. M'mawa uliwonse amakaima pafupi ndi firiji, n'kuika dzanja pamutu kuti aone ngati wafika pachogwirira.

Ndayesa zimene ndimadziwa. Ndinamuuza kuti msinkhu umachokera kwa makolo, ku chakudya ndi tulo. Ndinatulutsa diresi lake la Idi ya chaka chatha, ndinamuveka, silinafike n'komwe m'mawondo. Analiyang'ana, anandiyang'ana, n'kuti:

"Koma ankolo anena."

Ine ndine mayi ake, ndimanena zambiri tsiku lililonse, zina za kusamba, zina za kumaliza ndiwo. Inu ndinu ankolo a ku Joni, amene mukabwera mumamunyamula paphewa kuti akhudze denga. Mawu anu kwa iye ndi olemera kuposa anga, ndipo mwawagwiritsa ntchito pomuopseza, kudzera mwa mayi wantchito amene munamuchititsa manyazi pagulu.

Sindikunyoza akuluakulu amene anayambitsa mwambowu. M'nyumba imene makanda amagona pansi, kuopseza ana kuti asamadumphe anzawo kunali kwanzeru, chifukwa wodumpha amatha kuponda. Koma si za Chisilamu, mukudziwa zimenezo, ndipo palibe buku la zachipatala limene ndaliwerenga limene limanena kuti fupa limaleka kukula chifukwa phazi ladutsa pamwamba pake. Ndinu mwini mbumba, sindikukana. Tsiku la ukwati wa Nasrin mudzakhala patsogolo. Koma umwini mbumba si kulamula antchito a m'nyumba ya mlongo wanu, eni nyumba osadziwa.

Sindikupempha kuti mundipepese. Kupepesa kwanu ndilibe nako ntchito. Ndikupempha chinthu chimodzi, ndipo ndikupempha chifukwa ndalephera ndekha. Muimbireni Nasrin pa vidiyo lisanafike Loweruka likubwerali, akuoneni nkhope. A Tamara akuti malo ake amusungira mpaka kutha kwa mwezi, koma ine malo sakundidetsa nkhawa. Chikundiopsa n'chakuti mwana amene sankaopa kugwa waphunzira kuopa kugona pansi.

Ngati mukusowa chomuuza, ndikuthandizeni. Mumuuze za chipinda chija cha kuseri kwa shopu ya telala ya bambo ku Area 1, mmene tinkagona tonse pansi, ine chakukhomo chifukwa ndinali wamng'ono. Mumuuze kuti m'bandakucha uliwonse, bambo akakuitanani kuti mupite nawo kumzikiti, munkandidumpha. Pobwera munkalowera khomo la kushopu, kotero simunabwezepo ngakhale kamodzi. Munachita zimenezo zaka zambiri.

Mukatero mumuonetse chithunzi cha tsiku la ukwati wanga, chimene chili pakhoma kwa mayi, ndipo ndikudziwa kuti muli nacho mu foni. Mumuuze chifukwa chake wojambula anakupemphani kuti mukwere pasitepe mutaima pafupi ndi ine. Ine ndikanatha kumuuza ndekha. Koma iye akudikira kuti ankolo anene.

Mpaka mutachita zimenezi, musaimbirenso a Naphiri, ndipo zithunzi za mwana wanga simuzilandiranso. Loweruka ndapempha tchuthi kuntchito. Ndidzapita naye ndekha, ngakhale akangokhala pabenchi n'kumaonerera anzake. Kuti adzatsika pabenchipo kapena ayi, zili kwa inu.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Sauda, kwa Iddi ndi Daudi. Muwauze kuti azakhali awo sanawaiwale. Mayi akupereka moni. Nkhaniyi sindinawauze, ndipo ndingakonde kuti ithe asanaimve. Allah akusungeni, akupatseni thanzi, ndipo akufewetseni mtima msanga.

Ndine mlongo wanu wamng'ono pobadwa, koma osati pamsinkhu,

Suhaila