Chipepeso pa Imfa ya Mayi Febby Chulu, Amene Tinawagwiritsa Ntchito Tsiku la Maliro Awo

Kuchokera ku Bungwe la Lilime Lomasuka, Katete.

Kwa Bambo Ezekieli Chulu ndi ana, kwa a Nikodemo Sakala eni mbumba pamodzi ndi abale onse a malemu, kwa mpingo, ndi kwa anthu onse a ku Katete, Sinda ndi Vubwi.

Ife a Bungwe la Lilime Lomasuka tinagwidwa ndi chisoni chachikulu titamva za imfa ya Mayi Febby Chulu, mphunzitsi wathu wamkulu, amene anatisiya atadwala masiku ochepa chabe, ndipo anaikidwa m'manda kumudzi kwawo kufupi ndi Mkaika. Uthenga uno unayenera kufika msanga, ndiponso unayenera kukhala wa misozi yokhayokha. Koma wachedwa chifukwa manyazi anatigwira dzanja, pakuti pa tsiku limene anthu anasonkhana kudzalira, ife tinabweretsera banjali chilonda china pamwamba pa chilonda cha imfa.

Tiyambe ndi zabwino, chifukwa ndi zambiri ndipo ndi zawo. Mayi Chulu anapereka moyo wawo kwa ana amene lilime limawavuta: achibwibwi, ochedwa kulankhula, ndi ena amene amadziwa chimene akufuna kunena koma mawu amawasokonekera asanafike pamlomo. Ana otere ambiri amakhazikidwa kumbuyo kwa kalasi, ndipo phunziro la Chingerezi likafika amangowerama mpaka belu lilire. Mayi Chulu anawakokera kutsogolo. Anayenda pa njinga yamoto m'fumbi ndi m'matope mpaka ku Sinda, nakafikanso ku Vubwi, kumene anawonjezerapo Chipwitikizi pang'ono poona kuti makolo a kumeneko amachita malonda kutsidya kwa malire. Anaphunzitsa aphunzitsi anzawo kuti asamamalizire mwana mawu akamavutika kuwatchula, ndipo aliyense wa ife anadzudzulidwapo ndi iwo pa nkhani imeneyi, ngakhale ine wapampando. Ankati, "Mawu a mwana ali ngati mbuzi pakhomo la khola, ukaikuwiza imabwerera kutchire."

Bungwe lathu litalandira magalasi ophunzitsira, iwo ndi amene anawasandutsa chida chenicheni. Magalasiwa mwana akavala amaonabe kalasi yake, mabenchi ndi bolodi, koma pakati pa zinthu zenizenizo pamaonekanso zithunzi zoyenda, monga nkhuku ikudutsa kapena dengu la tomato, kuti mwanayo azitchule m'Chingerezi popanda anzake omuseka. Poyamba munali kachidole ka kunja kolankhula ngati kakuthamangira basi, ndipo ana ankakaopa. Mayi Chulu anati, "Jambulani ine." Tinawajambula muofesi yathu ku Katete, atavala chitenje chawo chobiriwira, akupereka moni, akufunsa mafunso, akudikira yankho modekha. Kuyambira pamenepo mwana aliyense wovala magalasi ankawaona ataima pambali pa bolodi, ngakhale iwo eni ali kutali.

Tsopano tinene zimene zinachitika, monga momwe zinachitikira. Tsiku la maliro linakumana ndi tsiku limene alendo athu ochokera kunja, amene anatipatsa magalasiwo, anabwera kudzaona ntchito, ndipo sukulu imene tinakonza kuwaonetsa ndi ya pafupi ndi mudzi wa malemu. Tonse tikudziwa kuti m'mudzi mukagwa maliro khasu limagona. Ine ndinabadwira konkuno, nkhani imeneyi sindinaiwerenge m'buku. Komabe ndine amene ndinati tionetse alendo m'mawa, kumanda tipite masana. Ndinaopa kukhumudwitsa mlendo amene adzakwera ndege mawa lake, ndikuiwala anthu amene ndidzakumana nawo pamsika moyo wanga wonse. Tinaitanitsa ana, tinawaveka magalasi, nyimbo za amayi a Chigwirizano zikumveka kuchokera pasiwa.

Mmodzi wa anawo anali Rachael, mtsikana wa m'mudzi womwewo, amene Mayi Chulu analimbana naye nthawi yaitali kuti alumikize mawu atatu osaima. M'mawa umenewo anali atauzidwa kuti aphunzitsi ake amwalira. Atavala magalasi anawaona ataima pabolodi, chitenje chomwe chija, akumupatsa moni. Anayankha bwino m'Chingerezi, alendo nawomba m'manja, ifenso tinamwetulira, zimene zikutiwawa kukumbukira. Kenako mwanayo anavula magalasi, natuluka liwiro, ndipo sanaime mpaka pasiwa, pamene bokosi linali litatulutsidwa kale panja. Pamaso pa khamu lonse anafuula osagwa chibwibwi ngakhale pamodzi: "Musawaike m'manda! Aphunzitsi ali kusukulu, ndawaona, akuphunzitsa!"

Mwana sanalakwe. Ananena zimene maso ake anaona, ndipo amene tinaika zimenezo m'maso mwake ndife.

Nyimbo inaduka. Adzukulu anakana kunyamula bokosi mpaka litatsegulidwa, ndipo Bambo Chulu anaona nkhope ya akazi awo ikuvundukulidwa kachiwiri, osati kuti anthu atsanzike, koma kuti atsimikize ngati alimodi. Ngakhale anapezekamo, mphekesera inali itanyamuka kale. Pofika madzulo anthu ankanong'onezana kuti malemu sanafe imfa ya Mulungu, koma anasandutsidwa ndondocha, munthu wophedwa m'matsenga kuti azigwirira ena ntchito. Ndipo ankati amene anawagulitsa ku bungwe ndi mwamuna wawo. Bambo Chulu ndi mkamwini m'mudzimo. Anamangamo nyumba, analimamo, anaberekamo ana. Lero akamadutsa, moni amauyankhira kumbali, ndipo tamva kuti pa tsiku lometa maliro ena akufuna kuti asasudzulidwe mwaulemu monga mwa mwambo, koma apirikitsidwe ngati mfiti, ana awo atsale osawaonanso.

Chifukwa chake tikulengeza poyera, kwa inu a Sakala ndi mbumba yanu yonse, ndi kwa aliyense amene uthengawu umufike: chimene chili m'magalasi ndi kanema, wofanana ndi amene mumajambula pafoni pa ukwati, ndipo anajambulidwa Mayi Chulu ali moyo, ali athanzi, mwa kufuna kwawo. Bambo Chulu sanapezekepo, sanafunsidwe, sanalandirepo kanthu, ndipo mpaka tsiku la maliro anali asanagwirepo magalasiwo. Munthu amene analamula kuti aphunzitsi aonekere kwa ana mtembo wawo uli pabwalo ndi ine, Misheck Mvula. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ngati pali woyenera kuyankhidwa moni kumbali, musamufune m'nyumba ya namfedwa.

Sabata yathayi Bambo Chulu anabwera kuofesi kwathu pa njinga yakapalasa. Ndinawapatsa mpando, iwo anakhala pa benchi ya pakhonde, pamene ana amadikirira. Ndinayamba kupepesa ndi mawu ataliatali monga awa, koma anandidula.

"A Mvula, chizungu chanu chisungeni. Ine sindinabwerere pepani wa muofesi. Pepani wa muno adzamva ndani? Makoma?"

Ndinawafunsa chimene angafune kuti bungwe lichite.

"Mubwere kumudzi tsiku lometa. Osatuma mnyamata, osatuma kalata yokha. Mukhale pansi pamaso pa alamu anga, munene ndi pakamwa panu zimene mwandiuzazi. Magalasiwo mubwere nawo, a Nikodemo avale okha aone."

Ndinavomera. Ndipo poganiza kuti ndikuwatonthoza, ndinalakwanso kachiwiri: ndinatulutsa magalasi amodzi m'kabati, ndikuwafunsa ngati angakonde kuona akazi awo ndi kumvanso mawu awo. Sanawalandire, anangowayang'ana manja ali kumbuyo.

"Amake Gabriel ndinawaperekeza ndekha kumanda," anatero. "Ankadzuka kusanache, ankabwera fumbi lili m'maso, chakudya akudya ataima. Ndinkawauza kuti mudzapuma liti, iwo ankati ndikadzafa. Afa, inu mwawadzutsanso kuti aphunzitse. Alamu anga akaona, muwamasule akazi anga. Aweruke."

Tamva, ndipo tichita. Pa tsiku lometa ndidzabwera ndi akuluakulu onse a bungwe, tidzakhala pansi pamene mudzatiloze, ndipo aliyense wofuna kuvala magalasi adzavala, kuyambira eni mbumba. Onse akakhutira, tidzafufuta kanemayo pamaso panu, m'magalasi onse a ku Katete, a ku Sinda ndi a ku Vubwi. Tikudziwa chimene tikutaya, pakuti palibe chithunzi china chimene ana athu amachiyankha monga ankayankhira nkhope imeneyo, ndipo maphunziro adzabwerera m'mbuyo mpaka tipeze mphunzitsi wina woleza mtima chotero. Mtengo umenewo ndi wathu kuulipira, si wa banja. Rachael tidzamufotokozera ife eni, makolo ake alipo, kuti asakule akuganiza kuti tsiku limene analankhula momveka ndi tsiku limene anawononga maliro.

M'malo mwa mamembala onse a Bungwe la Lilime Lomasuka, aphunzitsi, makolo ndi ana amene lero akutchula mayina awo chifukwa cha malemu, ndikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima kwa inu Bambo Chulu, kwa Gabriel ndi abale ake, ndi kwa mbumba yonse ya a Sakala. Mulungu amene amamva ngakhale mawu osatuluka pakamwa akulimbitseni, akubwezereni mtendere m'mudzi, ndipo akupatseni mtima wotikhululukira pa nthawi imene inu eni mudzaone kuti yakwana. A Sakala, mwataya mlongo. Tikukupemphani musatayenso mlamu chifukwa cha kupusa kwathu.

Ndipo inu Mayi Febby Chulu, tinakugwiritsani ntchito mpaka pakhomo la manda. Magalasi onse tawazimitsa. Werukani, usani mumtendere.

Misheck Mvula
Wapampando, Bungwe la Lilime Lomasuka
Katete