Mwana Wachinayi

Lamulungu, 5 Meyi

Zotsatira za magazi zatuluka. Tasnim, mkulu wanga, ndi Muath, msuweni wathu amene akufuna kumukwatira, onse awiri ali ndi thalasemiya yobisala m'magazi. Iwowo sakudwala, angonyamula chabe. Ana awo ndi amene angadwale.

Ndalemba zimenezi n'kumangoziyang'ana. Sindikumva kalikonse. Ndadya. Ndamaliza homuweki ya fizikisi.

Lolemba, 6 Meyi

Azakhali a Khitam, mayi ake a Muath, anabwera kudzathandiza amayi kukulunga mpunga m'masamba a mphesa. "Jumana, iwe dokotala wopanda chipatala, tatimasulira za magazizi."

Ndinajambula timabokosi tinayi kuseri kwa katoni ya tiyi, ngati mmene timachitira mu bayoloje. Ndinati, pa anayi, mmodzi amadwala.

Azakhali anawomba m'manja, mpunga n'kuwazika. "Basi? Wachinayi? Ndiye abereke atatu n'kutseka! Ndani akubereka anayi masiku ano, matewera akudula chonchi?"

Amayi anaseka mpaka misozi. Anali asanasekepo chitulukire zotsatirazi. Azakhali ananditsina tsaya.

Si choncho ayi. Mwana aliyense amachita maere akeake. Woyamba yemwe akhoza kudwala. Pakamwa ndinatsegula ndithu, kenako n'kutola tsamba lina n'kuyamba kukulunga.

Lachiwiri, 7 Meyi

Sukulu. Fumbi tsiku lonse. Palibe.

Lachitatu, 8 Meyi

Azakhali atumiza mawu pa gulu la banja la pa foni, ati ngakhale Jumana wa sayansi watsimikiza kuti palibe vuto. Timitima tofiira mbwee. Wina mpaka kunditumizira chithunzi cha chipewa cha digiri.

Amuna a kwawo kwa Muath akubwera Lachisanu kudzapempha ukwati wa T (Tasnim).

Mlongo wake wa Lujain, mnzanga wa m'kalasi, ali ndi matendawa. Mwezi uliwonse amakamuika magazi. Ndi wa zaka khumi koma ukamuona ungati sanayambe sukulu. Lujain amazinena ngati akunena za basi yochedwa.

Ine ndinkaona ngati sayansi ndi kupeza yankho basi. Ukapeza, aphunzitsi amachonga, watha. Palibe anatiuzapo zochita nalo yankholo amayi ako akamaseka.

Lachinayi, 9 Meyi

Ine ndi T tinali padenga, tikuyanika. Ndinalankhula ndikuyang'ana sokosi ya abambo. Zonse, mofulumira, ngati ndikulakatula ndakatulo pa asembule.

T anati, "Ukuona ngati nesi sanandiuze?"

"Ndiye mukudziwa?"

"Kuyambira Lamulungu, kabulu iwe."

"Nanga a Muath?"

"Ankayankha foni ya kuntchito nesi akufotokoza."

Anapukuta manja n'kundipatsa foni yake. "Muuze iweyo. Ine ndikanena aziti ndapeza wina."

Ndinajambula mawu. Ndinafufuta kawiri. Kachitatu anatumiza yekha ndisanamalize kumvetsera. Tinakhala pansi pa thanki ya madzi, zovala zikutidonthezera.

Yankho linabwera. "Zikomo dokotala. Zonse zili m'manja mwa Mulungu. Koma amayi musawauze, aitana kale anthu."

T anamvetseranso. Ndinkadikira kuti alira. Anangoti, "Sanafunse n'komwe kuti mwanayo amadwala bwanji." Kenako anati ndimupatsire mapegi.

Lachisanu, 10 Meyi

Amuna aja anabwera atatuluka ku mzikiti. Magalimoto mpaka kwa ogulitsa gasi. Ife akazi tinali m'khitchini, chitseko chotsegula pang'ono, mathireyi a kunafa, keke yotsekemera ija, ali pa tebulo osavundukula.

Abambo anathira khofi n'kupereka kwa agogo ake a Muath. Iwo anaika kapu pansi monga mwa mwambo. "Khofi wanu sitimwa mpaka mutipatse chimene tadzera."

Apa abambo amayenera kungoti, imwani. Zonse zinali zogwirizana kale. Koma T anandikankha. "Kawaitane."

Ndinadutsa pakati pa nsapato zonse zimene alendo anavula pakhomo n'kugogoda. Abambo anatuluka nkhope ili gwa. M'kakhonde T anawauza ziganizo zitatu zokha. Abambo anatembenukira kwa ine.

"Mama, n'zoona? Woyamba yemwe?"

"Eya, bambo."

"Ndiye Lolemba lija..."

"Eya."

Anaima pamenepo akusisita ndevu. Atabwerera ndinawamva akuti, "Akuluakulu, nyumba ino ndi yanu. Tipatseniko nthawi."

Kenako ndinamva mipando ikukokedwa.

Azakhali anatenga chikwama chawo. Podutsa sananditsine tsaya, sananditchule dokotala. Amayi ali kuchipinda, atseka.

Ndinapita kukatolera ziwiya. Kapu ya agogo aja inali pomwepo, khofi atazizira. Ndinainyamula ndi manja awiri mpaka kukhitchini, sindikudziwa chifukwa chake ndimaopa kutaya.

T anali atavundukula kunafa, akudya ataimirira, ndi zala, atavalabe diresi la mwambowu. Anandisunthira thireyi.

"Idya, yatsala yambiri."

Ndinaika kapu ija pansi n'kutapako ndi zala, nanenso nditaimirira.