Phulusa m'diso la Ettore

Lachitatu, 4 Disembala

Chifunga tsiku lonse. Kuntchito kusita malaya a eni ake mpaka msana kuuma gwa. Mafuta otenthetsera nyumba akweranso.

Kabelu kaja kayamba. Nditangoika supu patebulo, ngirii ngirii kunja kwa zenera. Apongozi anga amenewo, a Pierina, munthu wamkulu wa nyamakazi m'maondo, kubisala kuseri kwa nkhuni kuti ana aziti Lusia Woyera akudutsa ndi bulu wake, akuzonda amene akuchita mwano. Chaka ndi chaka zomwezi, mpaka usiku wa pa 12 pamene woyerayo amasiya mphatso. Ndipo mwana asayerekeze kusuzumira, akuti amathira phulusa m'maso. Mwana wanga Agnese kudumphadumpha, poti ndi wazaka zinayi. Ettore, mnyamata wazaka zisanu ndi ziwiri, supuni pansi, yekha kulowa kunsi kwa tebulo manja ali kumaso. Mwamuna wanga Fausto kuseka mpaka kutsamwa. Akuti, "Ndendende ine ndili mwana!" Chosekeretsa sindinachione.

Aphunzitsi a Ettore andiimitsa pageti. Akuti akamakopera za pabolodi amapendeketsa mutu ngati nkhuku yoona mphamba. Ndikamupimitse maso. Ndapeza malo Lachisanu kwa dokotala wa maso ku Bergamo.

Lachisanu, 6 Disembala

Diso lakumanzere. Dokotala anatseka lakumanja n'kumuonetsa zilembo zikuluzikulu ngati zitseko, mwana zii. Ine mayi wake ndili pomwepo, osadziwa kanthu chaka chonse. Manyazi ake!

Akuti diso lachita ulesi, lasiya kugwira ntchito. Mankhwala ake ndi kumata pulasitala pa diso labwinolo tsiku ndi tsiku kuti laulesilo likakamizike kuona. Miyezi yambiri. Mawu amene sakundichoka: "Mayi, mwabwera mochedwa. Msinkhu uwu ndi wothera. Mukazengereza likhala choncho mpaka kukalamba."

Atangoti amumate yoyamba, mwana wanga wofatsa uja anakuwa ngati akumupha. Anamenya dzanja la nesi. M'galimoto anaimatula n'kuiponya pawindo. Ndinamukalipira njira yonse. Tsopano ndikumva chisoni, koma mkwiyo sunathe.

Loweruka, 7 Disembala

Ndikamata, amatula. Ndikamata, amatula. Ndanyengerera ndi chokoleti, ndaopseza ndi kulanda mpira, zonse madzi. Mapulasitala ake okwera mtengo ngati nyama, ali m'bini.

Fausto akuti timusiye kaye chikondwerero chidutse. Iye zake zili pa bulu. Wakatenga udzu wouma kwa a Battista, mlimi wa m'mudzi muno, kaloti wagula, ndipo m'galaja ndapeza jumbo ya ndowe. Ndowe zenizeni za bulu, pafupi ndi mbatata zathu! Akuti adzaziika pakhomo m'mawa wa pa 13 kuti ana akhulupirire kuti bulu anaimadi pano. Bambo wa ndevu zake. Asa!

Lamulungu, 8 Disembala

Zivute zitani, ndilemba.

Misa itatha Ettore anatsalira pa chifanizo cha Lusia. Chija chonyamula mbale ya maso awiri, ngati mazira okazinga. Chiyambire ubwana wanga chimandichititsa nseru. Ndinamuona akuviika chala m'madzi odalitsa apakhomo n'kumatikita diso lakumanzere. Madzi amene mudzi wonse waviikamo zala, nyengo ya chimfine ino! Ndinamukoka dzanja. Panjira ndinamukhazika pa khoma la manda, ndati sitichoka pano mpaka undiuze.

Wandiuza, misozi ndi mamina. Chaka chatha usiku wa mphatso anamva kabelu, anatsegula zenera pang'ono, anasuzumira ndi diso limodzi. Lakumanzere. Anaona chinthu choyera pageti. M'mawa diso linkayabwa, agogo ake ataliona akuti, "Ehee, unasuzumira eti? Phulusa limenelo. Ukadzabwerezanso akutseka onse awiri."

Chaka chathunthu mwana kusenza zimenezi yekha. Akukana pulasitala chifukwa akuti Lusia akamuona nayo adziwa kuti anakamuneneza kwa dokotala, ndiye atseka ndi linalo. Akuti akakhala wabwino chaka chino, osasuzumira, mwina phulusalo amuchotsa. "Amayi, musamuuze kuti ndakuuzani."

Masana kwa apongozi, polenta, nsima ya kuno, ndi nyama ya nkhumba monga mwa Lamulungu lililonse. Sindinameze. Ndinawatsatira kukhitchini. Iwo kumwetulira, akupukuta mbale: "Aaa Nives mwana wanga, inali nthabwala chabe. Tonse tinakula ndi phulusa lomweli, anachita khungu ndani?" Ndati mdzukulu wanu ndiye akuchita. Ndati ndimuuza zoona lero lomwe. Nkhope inasintha pomwepo. "Ukatero wamubera ubwana wake. Ndipo Agnese amva, ukhala wapha awiri." Chinthu choyera cha pageti chija ndi iwo omwe, atafunda nsalu ya patebulo. Anachita kunena monyadira.

Fausto maso m'mbale. Kumangoika nyama m'kamwa.

Lolemba, 9 Disembala

Sitikuyankhulana. Wagona pasofa, agone.

Kuntchito abweretsa diresi yoyera ya Lusia kuti ndiisite, ija amavala mtsikana wokwera ngolo ya a Battista pozungulira mudzi. Chaka chino ndi Moira wa pamalo omwetsera mafuta. M'khwapa mwachikasu, fungo la fodya ndi thukuta la wachaka chatha. Woyera wathu ameneyo. Ndasita mpweya nditagwira.

Koma ndisanamize buku langa lomwe. Ndikukumbuka m'mawa wina ndili kamtsikana, phazi pansi pozizira, tebulo lodzaza maswiti ndi kachidole ka tsitsi lofiira, khofi wa Lusia atamwedwa theka. Chisangalalo ngati chimenecho sindinachionenso. Zikundinyansa kuti apongozi akunenako zoona pang'ono.

Pulasitala lero ayi. Ndinalibe mphamvu zolimbana.

Lachitatu, 11 Disembala

Nzeru za Fausto. Akuti bodza tilichize ndi bodza linzake. Wakulunga bokosi la mapulasitala m'pepala lagolide, waliika pazenera ndi timaudzu, apongozi n'kuliza kabelu. Ndinalola. Inde ndinalola, kutopa.

"Taona mwana wanga, Lusia wakutumizira yekha, wakukhululukira!" Mawu ake onona ngati wogulitsa inshuwalansi.

Ettore analiyang'ana bokosi lija osalikhudza. Akuti, "Akanandikhululukira akanangochotsa phulusa. Akufuna atseke labwinoli kuti ndisaonenso." Wasanza chakudya chonse pa kapeti. Wakana kugona m'chipinda chokhala ndi zenera.

Ndikukolopa masanzi ndamuuza Fausto kuti mawa ndithana nazo. Akuti, "Tsiku limodzi lokha Nives, dikira lidutse. Mayi anga akalamba, mwina chino n'chomaliza." Chaka chilichonse n'chomaliza kwa mayi ameneyu, atiika m'manda tonse. Mapanga awiri avumbwitsa, ndamuuza. Asankhe, diso la mwana wake kapena kabelu ka mayi ake.

Sanasankhe. Anapita kukaona ngati ndowe zake zauma.

Lachinayi, 12 Disembala

Ndamuuza.

Ndinamutenga kusukulu masana n'kupita naye kuntchito, kuchipinda cha kuseri. Ndinamuonetsa diresi ili pa hang'ala, kapepala ka dzina la Moira kali pakhosi. Ndinasuntha mabulangete osita n'kumuonetsa sitima ya njanji imene wakhala akuilota, ndi kanjinga ka Agnese. Ndati wagula ndine ndi bambo ako. Khofi amamwa bambo ako. Kaloti amaluma bambo ako. Kabelu kali m'thumba la epuloni ya agogo. Lusia analiko kalekale, anali mtsikana wabwino, anamwalira, sayenda usiku ndipo sanathirepo mwana aliyense phulusa.

Sanalire. Bola akanalira.

Akuti, "Nanga phulusa anandithira ndani?" Ndati palibe, mulibe phulusa, diso linangobadwa lofooka. Anakanda pepala la sitima ndi chikhadabo. Kenako, "Ndiye achotsa ndani?"

Ine ndimaganiza kuti ndikumuchotsera mantha okha. Osadziwa kuti ndi chiyembekezo chomwe chinali momwemo. Ndati tichotsa iwe ndi ine ndi pulasitala, pang'onopang'ono. Zinamveka zopepuka ngakhale kwa ine ndemwe.

"Bambonso amadziwa? Aphunzitsinso? Bambo mfumunso?" Ndati inde. "Nonse?" Nonse. Mmene anandiyang'anira, ngati wapeza tsitsi m'chakudya.

Anatsegula chikwama changa yekha, kutulutsa pulasitala, kudzimata. Yopendekera, nsidze yagwidwa theka. Atanyamuka anagunda mpando, ndati ndimugwire anandikankha. Wakhala nayo mpaka madzulo osaikhudza. Ndamupempha chimodzi chokha, asamuuze kaye Agnese, ndidzamuuza ndekha. Anangogwedeza mutu.

Madzulo ngolo inadutsa, Moira ali pamwamba nkhope yophimba, ana a mudzi wonse kukuwa. Ettore anaima pakhomo manja m'thumba, akumuyang'ana tong'o ndi diso lake lofookalo. Apongozi anaona, anadziwa. Sanandipatse moni. Fausto akuti, "Wakondwa tsopano?" Sindinakondwe. Koma pulasitala ili kumaso.

Lachisanu, 13 Disembala

Ndikulemba ndili m'bafa, ndakhoma.

M'mawa zonse monga mwa mwambo. Maswiti tebulo lonse, khofi theka, udzu mbwee pakhonde. Agnese kukuwa, kupsompsona kanjinga. Apongozi anabwera m'bandakucha ndi nkhope yapamaliro, kukhala pakona osavula chikhoti. Ettore anatsika atadzimata kale, bwinobwino, yowongoka. Mtima wanga unatsika. Ndinati basi, diso tilipulumutsa, zina zonse zipse.

Ndiye Agnese anamuyang'ana n'kufunsa chimene wamatira diso.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za dokotala. Anandidula. Anagwada pamaso pa mlongo wake, kutsitsa mawu, mawu enieni a agogo ake. "Ndinasuzumira. Lusia anandithira phulusa. Iwenso ukadzangoyerekeza, akutseka onse awiri."

Kenako anatembenukira kwa agogo ake, kuwamwetulira ngati munthu wamkulu mnzawo.

Apongozi kuwomba m'manja. "Ameneyu ndiye mwamuna! Wakula mdzukulu wanga!" Chikhoti kuvula, masaya kupsompsona, siwiti kumuika m'kamwa. Fausto kuseka mpaka misozi, kundiyang'ana ngati wawina mlandu.

Agnese wasiya kanjinga. Ali kunsi kwa tebulo, manja onse kumaso, ndikumumva ndili muno akundifunsa ngati angatsegule maso tsopano. Akugogoda ndi Fausto, akuti nditulukemo tijambulitse chithunzi tonse, ndipo ine...