Tinafukula Manda a Juliyasi

Amayi anga, kodi kumene muliko mukupeza bwanji?

Ndine Esinati, chitsirizira wanu. Kuno tilipo, koma mtima wanga ukukana kukhala pansi. Lero ndatenga khasu n'kulisiya pakhomo, ndayamba kuswa mtedza n'kuusiya m'lichero nkhuku zikujompha. Ndiye ndati bola ndikhale pansi ndikuuzeni zonse, poti munachoka nkhani ya achimwene a Fanuwelo ili pakati.

Ndiyambe ndi zapakhomo, mungandikalipire. Pakati paja munandisiya napo ndinachira bwino. Ndi mwana wamkazi, ndipo watenga mphuno yanu ndi ukali wanu womwe. Chimanga sichinachite bwino, mvula inadula chikumasula kumene, koma nandolo wabereka, ndipo manachesi a kuseri kwa khola mpaka athyola nthambi. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa ana awiri, mmodzi anagwidwa ndi agalu. Chisomo, mwana wa achimwene, wasankhidwa kupita kusekondale. Mayi ake anakwatiwanso kutsidya kwa malire, ku Zobue. Ine sindiwanena, anadikira mokwanira. Mwanayo ndikukhala naye ndine.

Nkhani ija ndimangoibzikula ngati ng'ombe. Achimwene akuotcha kanyenya wawo pa boda, madalaivala a mathiraki atazungulira chiwaya. A Juliyasi, osintha ndalama aja, akudandaula kuti utsi ukupita pabenchi pawo, kenako n'kukankha chiwaya ndi phazi, nyama yonse m'dothi. Achimwene, ndi pakamwa pawo paja, n'kukuwa anthu onse akumva kuti, “Ndidzakusenda ngati mbuzi iwe!” Patangopita masiku ochepa a Juliyasi anapezeka atafa m'ngalande ya mumsewu waukulu, ali ndi bala pakhosi. Apolisi anapeza mpeni ndi shati yamagazi kunyumba kwathu. Inu munagwada pabwalo n'kuwafunsa kuti munthu wopha mbuzi m'mawa uliwonse shati yake ingayere bwanji. Kukhoti munanena kuti tsikulo anafika kunyumba dzuwa lisanalowe, iwo anati mayi aliyense angatero. Pepala la kuchipatala linati magaziwo ndi a munthu, balalo ndi la mpeni. Khoti linagamula kuti achimwene akanyongedwe.

Mutapita inu, kunabwera loya wamkazi wochokera ku Blantyre, wa gulu lina lothandiza akaidi mwaulere. Ndi wamng'ono thupi, koma funso limodzi amalifunsa mpaka munthu kutopa. Funso lake linali lakuti magazi aja anakawayeza kuti. Panalibe wodziwa. Anakafunafuna shati ija kumene amasunga katundu wa milandu, n'kupeza thumba lodyedwa ndi chiswe, shati itasanduka nsanza, mpeni uli dzimbiri lokhalokha. Munkakonda kunena kuti mlandu suwola. Mlandu sunawoledi, Amayi, koma shati yawola, ndipo singayezedwenso.

Anakapezanso bambo amene analemba pepala lija. Anapuma pantchito, pano akuweta nkhuku. Si katswiri wa mitembo ayi, anali wachipatala amene anapezeka pantchito tsikulo. Akuti mtembo unafika utatupa kale, ndipo anangouyang'ana kunja kokha. Anauza loyayo kuti, “Wapolisi anandionetsa shati n'kufunsa ngati magaziwo angakhale a munthu. Ine ndinati angakhale. Makina oyezera ndikanawatenga kuti?” Mawu akuti “angakhale” amenewo pofika kukhoti anali atasanduka “ndi a munthu”. Moyo wa mwana wanu unalendewera pamenepo.

Loya anati chatsala n'chimodzi, mafupa. Katswiri woyeza mitembo akawaona angathe kudziwa chimene chinapha munthuyo. Khoti lingalole kufukula, koma abale akakana zinthu zimavuta. “Mkazi wa malemu mukamuone ndinu, mayi,” anatero. “Ine kuno ndine mlendo.”

Ndisanapite kumeneko ndinakwera minibasi mpaka kundende ku Zomba. Achita imvi, Amayi. Ndinayesa kuwalimbitsa mtima ndi zimene anthu amanena, zoti masiku ano sanyonganso.

“Sanyonga inde,” anatero, “koma chingwecho sanachiotche. Chitseko chikangolira, ine ndimadzambatuka.”

Ndinawafotokozera za kufukula, kenako pakamwa panga panatuluka mawu amene sindinakonzekere. Ndinati, “Achimwene, mafupa sanama. Ngati pali china chimene simunatiuze, mundiuze pompano, ndisakagwade pachabe pamaso pa mkazi wamasiye.”

“Nawenso, Esinati?” Anapukuta kumaso ndi mkono. “Afukule. Ngakhale mawa afukule.”

Njira yonse yobwerera ndinangotsamira zenera ndikulira, mwana ali pamiyendo.

A Rozina, akazi a malemu, amagulitsa matimati mumsika wa paboma. Chiyambire mlandu sitinkapatsana moni, ndikawaona ndinkalambalala mzere wawo. Ndinapita kwawo ndi achimwene anu, atsibweni a Lemisoni. Mkeka anatiyalira, koma madzi sanatipatse. Atsibweni atafotokoza, a Rozina anaseka kuseka kowawa.

“Mufukule mwamuna wanga? Mchimwene wanu anamupha kamodzi, inu mukufuna mumuphenso kachiwiri?”

Ndinati, “Mayi, ine amene anapha bambo a pakhomo pano sindikumudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti magazi aja sanayezedwe.”

“Nanga akadzati si iyeyo, ine ndidzatani? Ana anga ndawalera ndikuwauza kuti wopha bambo wanu ali m'ndende. Ndidzawauze chiyani?”

Tinatsanzika n'kumapita.

Sindinayembekezenso kanthu. Koma tsiku lina ndili pamzere kuchigayo ndinangomva munthu akundikoka chitenje. Anali iwo. Anandipatutsira kuseri, kumene phokoso la injini silifika kwambiri.

“Mwana wanga wamkulu wandifunsa ngati ndinaona ndi maso anga,” anatero. “Chifunsireni tulo sindikutiona. Kafukuleni. Koma mafupawo akaonetsa mpeni, mudzabwere inuyo pakhomo panga, mudzanene ndi pakamwa panu, ana anga akumva, kuti mchimwene wanu ndi chigawenga.”

Ndinavomera, Amayi.

Tsiku lofukula kunabwera apolisi, katswiri uja, loya, ndi adzukulu a m'mudzi mwa malemu. Anazinga manda ndi matumba osokedwa kuti anthu asaone. Ife azimayi tinakhala patali pansi pa mtengo wa masuku, a Rozina paokha chapambali atafunda kumutu. Kunkangomveka makasu. Ine ndinkaimirira, n'kukhala, n'kuimiriranso, mpaka mayi wina anandikalipira kuti ndikumuzunguza mutu. Munkati walira mvula walira matope. Ndinapempha ndekha kuti afukule, koma khasu lililonse likagunda pansi ndinkafuna kukuwa kuti basi, kwirirani. Mafupawo anapita nawo ku Blantyre. Atawabweza tinathandiza kupeza bokosi latsopano ndi nsalu, abusa n'kudzapemphera, ndipo anawaikanso mwaulemu.

Kenako loya anatiitanitsa paboma, ine, atsibweni ndi a Rozina. Katswiri uja anafotokoza pang'onopang'ono, m'Chichewa chomveka. Anati chigaza chinasweka kumbuyo, nthiti za mbali imodzi zinathyokathyoka, fupa la m'chiuno nalo linasweka.

“Munthuyu anagundidwa ndi chinthu cholemera kwambiri, chothamanga,” anatero. “Zotere timaziona kwa anthu ogundidwa ndi galimoto zikuluzikulu. Pa mafupa a khosi sindinapezepo mkwasa wa mpeni.”

Ndinatsala pang'ono kululuta mu ofesi ya anthu. Koma anakweza dzanja.

“Mundimvetse bwino, mayi. Sindingalumbire kuti mpeni sunakhudze khosi. Mpeni ungadule mnofu osafika pafupa, ndipo mnofuwo kulibenso. Chitsulo cha galimoto nachonso chimacheka. Chimene ndingalumbire n'chakuti chimene chinaswa mafupawa si dzanja la munthu, ndipo pepala loyamba lija silinali loti n'kupherapo munthu.”

Ndinkafuna anene mawu amodzi okha, akuti Fanuwelo sanalakwe. Sanawanene. Loya akuti n'chifukwa chake khoti lingamukhulupirire, poti sanena zimene sanaone. Mwina n'zoona. Koma uja wonena “angakhale” anamukhulupirira msanga bwanji?

Titatuluka a Rozina anakhala pamwala pafupi ndi msewu, akuyang'ana mathiraki akudutsa kulowera kumalire. Ndinakhala nawo.

“Ndiye kuti amene anamugundayo anangopitirira,” anatero. “Anakagona ku Tete, n'kudya, n'kusamba. Mwina amadutsa pano mpaka lero. Mwina matimati anga amagula.”

Kenako anati, “Amayi anu ndinawalavulira malovu pakhomo pa khoti paja.”

Ndinawauza kuti munawakhululukira kalekale. Simunandiuzepo zimenezo, Amayi, ndinangolankhula m'malo mwanu. Ngati ndinakunamizirani, tidzakambirana tikadzakumana. Ponyamuka anati, “Mukapita ku Zomba, mukawauze achimwene anuwo kuti…” Anathera pomwepo. Anasenza dengu lawo n'kulowa mumsika. Ine ndinakawauza achimwene momwemo, mawu osatha omwewo, ndipo anagwedeza mutu ngati amva zonse.

Tsopano apilo inalembedwa, ili kukhoti lalikulu. Tsiku lomva mlandu alisuntha kangapo. Loya wandichenjezeratu kuti ndisayambe kuvina, chifukwa a boma angadzanene kuti achimwene ndi amene anamukankhira munthuyo mumsewu. Pamenepo ndiye mutu wanga umaima. Poyamba anati mpeni, mpeni wakanika, ndiye asakenso china? Munthu angadziyeretse kangati? Kumudzi kuno ena ayamba kutipatsanso moni, ena akuti tinagula katswiriyo. Tikanamugula ndi chiyani, nandolo? Chisomo anandifunsa dzulo ngati angayambe kuwauza anzake kuti bambo ake sanaphe munthu. Ndinamuuza kuti awauze, poti ineyo ndikudziwa tsopano, ngakhale khoti lisananene. Foni ikangolira ndimataya chilichonse chili m'manja, kupeza ndi munthu wofunsa mtengo wa manachesi. Munkati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine kudekhako kwandikanika, Amayi, simunandisiyire.

Chiliza chanu sitinamange. Atsibweni akhala akundikakamiza kuti anthu ayamba kutiseka, koma ndakana. Achimwene sanaponye dothi pamanda anu, sadziwa ndi pamene munagona pomwe. Uthenga wa maliro anu anaumvera pawaya wa ndende, kuchokera pakamwa panga, ndipo msilikali anati nthawi yatha asanamalize n'kulira komwe.

Ndiye ndikulonjezani ichi. Khoti likakana, tidzalembanso apilo ina, ndipo ku Zomba sindidzasiya kupitako. Likavomera, tsiku limene adzatsike minibasi pasiteji sindidzawalola kulowa m'nyumba, ngakhale kusamba. Ndidzawagwira dzanja, tidzakwere chitunda chija wapansi, mpaka kumutu kwanu. Njerwa yoyamba adzaika okha.

Pakadali pano mupirire ndi mulu wadothiwo. Udzu ndimazula ndekha.

Ndine mwana wanu wokukondani mpaka kale,
Esinati