Mwendo Umodzi pa Mapiri a Laurel Gap

Lachinayi, 10 Okutobala

Tafika ku paki ya boma ya Laurel Gap. Chaka cha 19 tikubwera kuno kudzasewera gofu: ine, alamu anga a Wendell, Hobart ndi Orval. Mapiri onse psuu, masamba afiira. Chipinda chomwe chija, choyang'ana kudamu.

Ulendo woyamba chindidulireni mwendo. Shuga. Wakumanzere, m'munsi mwa bondo, Novembala wathayu. Wachitsulowu ndauzolowera pamalo osalala. Koma kuno posalala ndi patebulo lodyera pokha.

Gofu timasewera anayi. M'galimoto munali zikwama zisanu. Chachisanu cha Travis, mkamwini wa a Wendell. A Wendell akuti: "Wangobwera kudzapitidwa mphepo, alamu." Ndi ndodo zake zonse? Ine si mwana.

Lachisanu, 11 Okutobala

Nkhungu mpaka 9 koloko. Agwape atatu pa dzenje loyamba, osatiopa n'komwe.

Maenje asanu oyamba, bwinobwino. La nambala 6, mpira unakaima pachitsetse. Nditangoti ndimenye, ndili chagada, kuserereka mpaka m'zitsamba. Kale Hobart akanaseka mpaka kutsamwa. Lero zii. Amuna atatu kundidzutsa ngati anyamula dzira.

Pa 9 ndinawaona a Wendell akukankha mpira wanga ndi phazi, kuuchotsa m'mitengo. Ankayesa sindikuona. Pakhadi andilembera 5 pomwe ndinamenya ka 8.

Ndalekera pa 11. Chitsa cha mwendo chikutentha. Nditavula: kathuza kofiira, kukula ngati nyemba. Sikanang'ambike.

Loweruka, 12 Okutobala

Travis wasewera m'malo mwanga. Akuti amamenya patali. Zikomo kwambiri.

Darlene, mkazi wanga, pafoni: "Kakang'ambika kameneko mubwereko. Mwendo ndinawapatsa madokotala aja, bondo sindiwapatsa." Ndati ndamva mayi.

M'chipinda sindinakhalemo. Kuseri kwa poimika magalimoto kuli kachitunda kaudzu. Mipira 40, ndodo imodzi, maola awiri. Zomwe ndapeza: miyendo italikirane, thupi litsamire wamoyowu, ndodo isakwere kupitirira phewa. Mpira supita kutali, koma ine ndimatsala chiimire. Ndagwa kawiri. Mayi wina wotchetcha udzu anaimitsa thirakitala: "Bambo, ndiitane anthu?" Ndati ayi, ndikungopuma.

Zaka 31 ndikukwera mapolo a magetsi, m'mvula, m'chisanu. Phiri la udzu wometa lisandiuze zochita.

Madzulo nyemba ndi chikondamoyo. Ndawauza onse patebulo pomwepo: mawa ndisewera maenje onse 18. Wokhudza mpira wanga ndimuthyola chala. Khadi ndilemba ndekha. Orval maso m'mbale. Travis akuti iye akawedza.

Lamulungu, 13 Okutobala

Ndamenya ka 121. Zonse zowerengedwa, ngakhale kawiri komwe ndinaphonyeratu mpira. Chiyambire gofu sindinasewerepo moipa chonchi. Khadiyo ndaisunga m'thumba la jekete.

Pa 6 mpira unakagwa pafupi ndi pomwe paja. Ndinaima monga ndinadziphunzitsira dzulo. Unagubuduka pang'ono chabe, koma sindinagwe. Hobart: "Agogo anga amamenya kuposa apa, chonsecho anamwalira mu '88." Apo mpamene ndinapuma bwino.

Kuyambira pa 13, chitsa ngati pali khala la moto. Sindinavule. Ndikanaona ndikanaleka.

Pa 15, pamwamba penipeni, pomwe chigwa chonse chimaonekera, mtsinje uli pansi ngati ulusi. Hobart ndi Orval anatsogola. A Wendell anaimitsa kangolo kathu kamagetsi. Anatambasula dzanja lamanja: likunjenjemera lokha. Akuti zinayamba mu Malichi. Dokotala wawauza kale dzina la matendawo. Sachizika, amangokulirakulira.

"Travis ndamubweretsera malo anga, alamu, osati anu. Ndimafuna azolowerane nanu ndikadalipo."

Masiku anayi munthu akumwa khofi ndi dzanja lamanzere, ine osaona. Maso onse pamwendo wanga.

Kenako: "Mlongo wanga musamuuze. Wavutika kale ndi inu."

Tinatsika, tinamaliza. Pa 18 iwo 7, ine 9.

Lachitatu, 16 Okutobala

Kathuza kaja kanang'ambika. Nesi watsuka, wamanga, wandikalipira. Milungu itatu osavala mwendo, ndodo zoyendera basi. Bondo akuti lili bwino, pakadali pano.

Darlene masiku awiri osandilankhula. Lero m'mawa, akundiikira khofi: "Nanga achimwene anasewera bwanji?" Ndati bwino. Zaka 38 sindinamunamizepo mayi ameneyu, kupatula za ndudu.

Atangopita kogula zinthu ndawaimbira a Wendell. Ndati Loweruka mubwere kudzadya nkhomaliro, mumuuze nokha. Akuti aona. Ndati palibe zoona apa, mukapanda kubwera ndidzakutengani, galimoto ndimayendetsa ndi mwendo wakumanja. Pafoni ndimamva galu wawo akuuwa.

Kenako: "Nthawi yanji?"

Ndati 12 koloko. Koma ndimawadziwa alamu anga. Ikamakwana 11 ndidzakhala ndili pakhomo pawo.